Nyimbo zimapepuza mtima wa amayi obwera amene akusalidwa

Msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, m'boma lathu lino la Dowa, unatsegulidwa m'chaka cha 1994. Lero ukusunga anthu oposa 50,000, ambiri mwa iwo ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Pakati pawo pali amayi amene timakumana nawo kumsika, kuchigayo ndi kuchipatala. Ena mwa ife timawalandira ndi manja awiri, koma ena timawanyogodola powatchula onse kuti "Maburundi", kuwaseka akaphonya Chichewa, ngakhale kuwakwezera mitengo ya malonda.

Zimene kusalidwa kumachita m'thupi

Munthu akanyozedwa, thupi lake limachita ngati lakumana ndi chilombo. Mtima umagunda mofulumira, mpweya umaperewera, ndipo m'magazi mumachuluka timadzi ta nkhawa totchedwa cortisol. Zikachitika kamodzi, thupi limabwerera mwakale. Koma mayi amene amadzuka tsiku ndi tsiku akuyembekezera chipongwe sapeza mpata wopuma. Mapeto ake ndi kusowa tulo, litsipa, kuthamanga kwa magazi ndi kudzipatula. Kwa amayi ambiri a ku Dzaleka, izi zimagwera pamwamba pa mabala a nkhondo imene anaithawa.

Mmene nyimbo imathandizira

Poimba, munthu amakoka mpweya wambiri n'kumautulutsa pang'onopang'ono. Kupuma kotereku kumachepetsa liwiro la mtima, ndipo minofu imamasuka. Poimba pagulu pamawonjezereka china. Kusalidwa kumauza mayi kuti malo ano si ake, pamene mumzere wa kwaya mawu ake amafunika, ndipo akajomba anzake amamufunsa. Akaimba m'Chiswahili, m'Chikirundi kapena m'Chinyarwanda, chinenero chimene ena amamuseka nacho chimasanduka chinthu choombedwa m'manja.

Nzeru imeneyi ife Achewa tinaidziwa kalekale. Agogo athu ankaimba pamtondo za mwamuna wankhanza, za mitala ndi za apongozi ovuta. Mkazi wokwatiwa kuchitengwa, amene anali mlendo pakati pa abale a mwamuna wake, ankatula nkhawa zake m'nyimbo zimene sakanazinena pabwalo, anzake n'kumavomera.

Ku Dzaleka komweko kuli umboni wina. Mu 2014, mlakatuli wa ku Congo, Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika kuti Menes la Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini, dzina lotanthauza chiyembekezo m'Chiswahili. Kulowa n'kwaulere, ndipo Amalawi ndi othawa kwawo amaimba ndi kuvina pabwalo limodzi. Munthu amene wavina ndi mnzake masana savutika kumulonjera mawa kumsika.

Nyimbo ili ndi malire

Kuimba kumachepetsa ululu, koma sikuchotsa chimene chaubweretsa. Mayi akatuluka mu kwaya n'kunyozedwanso panjira, nkhawa imabwerera. Komanso amene watha masabata asakugona, akungolira, kapena akuganiza zodzipha, aperekezedwe kuchipatala mosazengereza, kwinaku akupitiriza kuimba ndi anzake.

Udindo wathu m'mawodi

Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu wake, chinenero chake kapena dziko limene akuchokera. Tikumbukirenso kuti mu 2015 boma linatumiza mabasi kukatenga abale athu amene ankazunzidwa ku South Africa chifukwa chokhala obwera. Zimene zinatipweteka kumeneko tisazichitire ena kuno.

Pali zinthu zosalira ndalama zimene tingayambe. Amayi a Chigwirizano ndi magulu a amayi a m'mipingo ina angathe kuitana makwaya a ku msasa pa mapemphero awo, n'kuphunzitsana nyimbo, imodzi yathu, imodzi yawo. Magulu a chimtali achite chimodzimodzi. Makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, pokonza zochitika za m'dera, apereke danga kwa oimba a mbali zonse ziwiri. Mafumu ndi makhansala adzudzule poyera mayina onyoza, ndipo makolo aletse ana kuwatchula. Mayi aliyense ali ndi dzina lake; mukakumana naye pamsika, mufunseni dzinalo ndipo mumuitane nalo.