Injini ya thirakitala ikamatentha, yambani mwaona fani

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mathirakitala ndi malole sapuma: kugaula minda, kututa manyowa, kunyamula feteleza. Injini ikapsa nthawi imeneyi, makina amakagona m'magalaja a ku Mchesi kapena ku Biwi mumzinda wa Lilongwe, mvula n'kukupezani munda usanalimidwe. Choncho mlimi, kaya thirakitala ndi ya kalabu kaya ya hayala, dziwani chimene chimaziziritsa injini yake.

Madzi amazungulira mu injini n'kutenga kutentha, kenaka amapita mu rediyeta. Ntchito ya fani ndi kukoka mphepo kuti idutse m'timipata ta rediyetayo, madzi azizire. Pa mathirakitala ang'onoang'ono, fani imazunguzidwa ndi lamba. Koma pa makina ambiri akuluakulu, monga okolola ndi okumba madamu, ndiponso pa mabasi a injini yakumbuyo, imayendera oilo wa hayidiroliki.

Zimayenda chonchi. Injini imazunguza pampu, pampuyo n'kukoka oilo m'thanki ndi kumukankha mwamphamvu m'mapaipi mpaka pa kamota kamene kali pa fani. Oilo akazunguza kamotako, amadutsa m'sefa kubwerera m'thanki. Pali kachipangizo koyeza kutentha kwa madzi, kamene kamalamula valavu. M'mawa injini ikadali yozizira, valavu imapatutsa oilo wambiri, fani n'kumayenda pang'onopang'ono. Madzi akatentha, oilo wochuluka amapita ku kamota ndipo fani imathamanga. Potero dizilo sawonongeka pachabe. Pa makina ena fani imatha kuzungulira chobwerera kwa kanthawi kuti iuluze zinyalala zomatirira pa rediyeta.

Ambiri mwa makina otere anapangidwa kuti waya wa valavu ukaduka, fani izithamanga osaleka. Ndiye mukamva fani ikulira mwamphamvu injini itangoliza kumene, uzani makaniko ayambe kuona mawaya, asanakugulitseni pampu yatsopano. Koma fani ikamayenda mwaulesi geji ili pamwamba, kawirikawiri vuto limakhala oilo wochepa, sefa yotsekeka kapena pampu yotha.

M'mawa uliwonse, injini isanalize, onani mulingo wa oilo ndi madzi. Oilo wa thovu ndiye kuti mwalowa mpweya. Wooneka ngati mkaka ndiye kuti mwalowa madzi. Thirani oilo wa mtundu umene buku la makinawo lanena. Chotsani fumbi, udzu ndi makoko a chimanga pa rediyeta, pouzira mpweya kuchokera mbali ya injini kupita kunja. Ngati fani yanu ndi ya lamba, onetsetsani kuti lambayo sanakhwefuke kapena kung'aluka.

Samalaninso moyo wanu. Musafufuze podontha oilo ndi dzanja injini ikulira, poti oilo wothamanga amaboola khungu. Gwiritsani ntchito katoni. Musatsegule chivundikiro cha rediyeta yotentha, ndipo musathire madzi ozizira mu injini yowira chifukwa mutu wake ungang'aluke.

Wina akakuuzani kuti mankhwala a injini yotentha ndi kuchotsa thermostat, kanani. Kutero n'kungobisa matenda. Pitani nayo kwa makaniko wodziwa za hayidiroliki ayeze mphamvu ya pampu ndi geji, mvula yodzalira isanagwe.