Katemera wa HPV: Kodi Lamulo la Pasukulu Lokha N'kukwana?

Amayi anzanga, pali funso limene limatuluka kawirikawiri m'magulu athu: ngati katemera wa HPV amateteza ana athu aakazi ku khansa ya khomo la chiberekero, bwanji boma osangolamula kuti mwana wosabayidwa asalowe m'kalasi? Funsoli si lachibwana ayi. Ku America anaiyesa kale njira imeneyi, ndipo zimene anaziona kumeneko n'zofunika kuti tizimve.

Tiyambe takumbutsana za mdaniyo. HPV ndi kachirombo kamene kamafala mwamuna ndi mkazi akakhala malo amodzi. Ambiri amakatenga osadziwa, thupi n'kukagonjetsa lokha. Koma mwa amayi ena kamakhazikika, n'kumawononga khomo la chiberekero mwakachetechete kwa zaka 10 kapena 20, kufikira pamene pabuka khansa. Katemera sachiza amene anakatenga kale. Ndicho chifukwa chake amaperekedwa mwana akali wamng'ono, asanadziwe za m'nyumba.

Katemera woyamba, wotchedwa Gardasil, wa kampani ya Merck, analoledwa ku America mu 2006. M'dzikomo chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake onena za akatemera amene mwana ayenera kulandira kuti akhale pasukulu, monga wa chikuku ndi wa poliyo. Tsono mu February 2007 Bwanamkubwa wa chigawo cha Texas, a Rick Perry, analamula kuti atsikana olowa kalasi 6 azibayidwanso wa HPV, ndipo anachita izi osadzera ku Nyumba ya Malamulo. Makolo anaimika manja. Ena ankati katemerayo n'ngwachilendo, ena ankati apatsa ana mtima wachiwerewere, ndipo chikayiko chinakula pamene zinamveka kuti kampani yopanga katemerayo inkakopa andale m'zigawo zambiri kuti akhazikitse malamulo otere. Patangopita miyezi itatu, aphungu analifafaniza lamulolo.

Chigawo cha Virginia chinadzera kwa aphungu chaka chomwecho, ndipo lamulo lake linayamba kugwira ntchito mu 2008. Koma linali ngati khola lotseka kumaso, kumbuyo kuli pululu: kholo likawerenga kapepala kofotokoza za HPV, linali ndi ufulu wokana popanda kunena chifukwa. Ofufuza atawerengera m'zaka zoyambazo, anapeza kuti atsikana a ku Virginia sanali kubayidwa koposa anzawo a m'zigawo zopanda lamulo.

Kumene tiyenera kuyang'anitsitsa ndi ku Rhode Island, kachigawo kakang'ono koposa zonse m'dzikomo. Kumeneko akuluakulu a zaumoyo anaika lamulo mu 2015, koma sanalekere papepala. Analiyambitsa pang'onopang'ono: chaka choyamba anangofuna jekeseni imodzi kwa ana olowa kalasi 7, ndipo zotsalazo zinkafunika anawo akamakwera makalasi otsatira. Anachititsa misonkhano ya makolo, kumene ena anawatsutsa kwambiri, koma iwo anakhala pansi n'kumayankha. Kholo lokana linayenera kusaina fomu yosonyeza kuti likukana kaamba ka chipembedzo, kapena kubweretsa umboni wa dokotala. Chachikulu, katemera wa ana ankagulidwa ndi boma la chigawocho, ndipo panali kale dongosolo lobweretsa anamwino kudzabaya ana pasukulu pomwepo.

Chinanso chimene ine ndimachitamanda n'chakuti lamulo lawo linakhudza anyamata ndi atsikana omwe. Kachiromboka sikasankha, mwamuna amakatenga, amakapatsira mkazi wake, ndiponso naye kangathe kumudwalitsa khansa ya kummero ndi ya kumalo obisika. Mukaloza atsikana okha, anthu amayamba kunong'ona ngati kuti matendawa ndi mlandu wa akazi. Chiwerengero cha anyamata obayidwa chinakwera kumeneko, ndipo Rhode Island inakhala pakati pa zigawo zotsogola pa katemerayu. Virginia nayo inadzaphatikiza anyamata mu 2021. Puerto Rico inaika lamulo lake mu 2018, Hawaii mu 2020. Koma zigawo zambiri mwa 50 za America sizinatsate njirayi.

Nanga kwathu kuno? Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo imagwira amayi ambiri m'Malawi koposa khansa ina iliyonse, ndipo dziko lathu lili pakati pa maiko okanthidwa kwambiri padziko lonse. Katemerayu anayesedwa m'maboma a Rumphi ndi Zomba kuyambira mu 2013, ndipo mu January 2019 anayamba kuperekedwa m'dziko lonse, mwaulere, kwa atsikana a zaka 9. Anadzera m'sukulu ndi m'zipatala, popanda kubweza mwana pakhomo la kalasi.

Kunena zoona, ine sindikhumba kuti tidzafike pomabweza ana. Mwana wa ku Rhode Island akauzidwa kuti akabwere ndi kalata, mawa lake abwera nayo. Mtsikana wakumudzi kwathu akabwezedwa, agogo ake anena kuti basi akhale azithandiza kumunda, ndipo posakhalitsa timva kuti wapita kubanja. Pamenepo taluza sukulu, taluzanso katemera. Zimene tingatengere kwa anzathuwo ndi zina zija: kufika ndi jekeseni kumene kuli ana, ndi kuyankha makolo mosatopa. Mphekesera yakuti katemerayu amatseketsa chiberekero ndi yabodza. Atsikana amene anabayidwa kalelo m'maiko ambiri tsopano ali ndi ana awo kumsana. Ndiponso mu 2022 bungwe la WHO linanena kuti jekeseni imodzi ingathe kumteteza mokwanira mtsikana wamsinkhu umenewu, zimene zapeputsa ntchito yolondola ana.

Choncho funsani aphunzitsi aakulu kapena alangizi a zaumoyo a m'dera lanu za tsiku la katemera, ndipo onetsetsani kuti zalembedwa m'buku lachipatala la mwanayo. Amene anajomba tsikulo, ngakhalenso amene sali pasukulu, mupite naye kuchipatala. Ifeyo amene msinkhu wa katemera unatipitirira, tikayezetse khomo la chiberekero. M'zipatala zambiri anamwino amapaka viniga n'kuyang'ana, ndipo akaona poyamba kuwonongeka amatha kupachiza pasanasanduke khansa.