Chikazi cha Fungo ndi Mwana Wobadwa Masiku Osakwana

Tonse timaudziwa mkaka wa chambiko. Ukawawasa, sufulumira kuwonongeka. Timene timauwawasitsa ndi tizilombo tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso. Si tizilombo tonse timene tili toipa.

M'njira imene mwana amadzera pobadwa mumakhalanso tizilombo ta mtundu umenewu. Dzina lake ndi Lactobacillus. Timatulutsa timadzi towawasa, ndipo tizilombo ta matenda sitikonda malo owawasa. Tingati ndi alonda a pakhomo.

Nthawi zina alondawa amachepa. Pamalo pawo pamaswana tizilombo tina ta mitundu yambiri. Kamodzi mwa timeneti ndi Gardnerella, kamene akatswiri awiri a ku America, Gardner ndi Dukes, anakafotokoza mu 1955. Matendawa anamwino amawalemba m'Chipwitikizi kuti vaginose bacteriana. Ndi ofala kwambiri. Pa dziko lonse, pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi anayi a msinkhu wobereka ali nawo.

Mayi amaona chikazi chamadzimadzi, chotuwa, chonunkha ngati nsomba. Fungolo limakula akakhala malo amodzi ndi bambo. Kawirikawiri sikuyabwa ndiponso sikupweteka. Amayi ambiri saona chizindikiro chilichonse.

Nanga thupi limatani?

Tikabayidwa ndi minga, pamalopo pamatupa, pamatentha, kenaka pamachita mafinya. Amenewo ndi asilikali a m'magazi amene athamangira kukamenyana ndi tizilombo. Koma pa matenda awa sizioneka choncho. M'njiramo simufiira, ndipo asilikali amabwera ochepa.

Izi sizitanthauza kuti thupi lagona. Akatswiri akayeza chikazi cha mayi wodwala, amapeza kuti timadzi timene thupi limaitanira nkhondo tachuluka. Ng'oma ikulira ndithu, koma asilikali sakufika mokwanira. Tizilomboto timadziunjika pamodzi ndi kumatirira m'mbali mwa njira ngati ndere pamwala, kotero kuti n'kovuta kutichotsa. Timatulutsanso zinthu zosungunula zoterera zimene zimaphimba ndi kuteteza njirayo.

Kwa mayi wapakati, apa ndi pamene pagona nkhani. Mimba ikakhala, khomo la chiberekero limatsekeka ndi chotsekera choterera, chonga mamina olimba. Kuseri kwa khomolo kuli nsupa, ndipo m'nsupamo muli mwana. Chotsekeracho chikafooka, tizilombo tingathe kukwera mpaka kukafika pa nsupa. Kumeneko thupi silinyengerera. Asilikali amafika ambiri ndipo pamayamba kutupa.

Pa nkhondo imeneyi thupi limatulutsa zinthu zotchedwa prostaglandin. Zinthu zomwezi ndi zimene limatulutsa tsiku lobereka likakwana. Zimafewetsa khomo la chiberekero ndi kuchititsa chiberekero kukungana. Zinthu zinanso za nkhondoyo zimafooketsa nsupa. Tsono chiberekero chimamva ngati nthawi yakwana, pamene mimba ili ndi miyezi 7 yokha. Zili ngati moto umene anyamata amayatsa posaka mbewa. Anafuna mbewa, koma moto wafika pa nkhokwe.

Zotsatira zake tinazionapo m'midzi mwathu. Nsupa imasweka msanga. Mwana amabadwa masabata 37 asanakwane, mwina wosafika makilogalamu 2 ndi theka. Mwana wotere amavutika kupuma, kuyamwa ndi kusunga kutentha m'thupi. Amayi ena amapita padera, ena amatentha thupi atachira chifukwa chiberekero chalowa tizilombo.

Tisachite mantha opitirira. Amayi ambiri amene ali ndi matendawa amabereka pa nthawi yake, ana abwinobwino. Koma ngozi yobereka masiku osakwana imawirikiza pafupifupi kawiri. Ndiponso njira imene yataya alonda ake imalola msanga kachilombo ka HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana.

Chimene chimathamangitsa alondawa n'chiyani? Pali zingapo, koma china chili m'manja mwathu. Ambiri a ife tinalangizidwa kuti mkazi waukhondo amatsuka mpaka m'kati, ndi sopo kapena mchere, ndi kupukutamo ndi kansalu. Ena amavalira mankhwala a zitsamba kuti m'njira muume, bambo akondwere. Anamkungwi anatiphunzitsa zabwino zambiri, koma pa ichi tiyenera kunena poyera: zimenezi zimachotsa alonda. M'katimo mumadziyeretsa mokha. Kutsuka kunja ndi madzi oyera n'kokwanira. Mayi akamva fungo n'kuonjeza kutsuka m'kati, ndiye kuti akuonjezera matenda. Kugona ndi anthu ambiri, kaya ndi mayi kaya ndi bambo, nakonso kumaitana matendawa.

Mankhwala alipo. Ku chipatala amapereka mapiritsi a metronidazol, akumwa kawiri pa tsiku kwa masiku 7. Mayi wapakati angathe kumwa akapatsidwa ndi namwino. Fungo likatha pa tsiku lachitatu, asaleke. Amalize onse. Asagule mapiritsi pa msika, chifukwa chikazi chili ndi matenda osiyanasiyana, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake.

Matendawa amakonda kubwerera. Kale ankati bambo safunika mankhwala. Koma mu 2025 akatswiri a ku Australia anaonetsa kuti bambo naye akalandira mankhwala, akumwa ndi opaka, matenda sabwerera kawirikawiri kwa mkazi wake. Choncho abambo, nkhaniyi ndi yanunso. Perekezani amayi ku sikelo.

Ku sikeloko tisadikire kuti namwino achite kutifunsa. Iye amayeza mimba ndi magazi, koma za fungo amamva kwa ife. Timuuze, ngakhale monong'ona. Ndipo madzi akayamba kutuluka, magazi akaoneka, thupi likatentha, kapena msana ndi m'mimba zikayamba kupweteka mobwerezabwereza masiku asanakwane, tisadikire kuti kuche. Tifune njinga kapena ngolo, tipite ku chipatala usiku womwewo.