Chiwindi: ntchito zake ndi kulephera kwake

Aphunzitsi, ikani dzanja pa nthiti zam'munsi za kumanja. Kuseri kwa nthitizo ndiye kuli chiwindi. Cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi makilogalamu 1.5 ndipo chili ndi zigawo ziwiri zazikulu. Kunsi kwake kuli kathumba ka ndulu, konga kaja timachotsa mosamala potumbula nkhuku.

Magazi ochokera m'matumbo amayamba adzera m'chiwindi asanafike kumtima. Chiwindi chimasunga shuga wotsala, chimasefa mowa ndi mankhwala, chimapanga ndulu yothandiza kugaya mafuta, komanso mapuloteni oundanitsa magazi pabala. Chikafooka, maso amachita chikasu, mimba imadzala madzi, kabala kakang'ono kamangochucha, mwinanso munthu amasokonezeka mutu chifukwa poizoni wafika kuubongo. Ambiri akaona izi amathamangira kunena kuti walodzedwa.

Chovuta n'chakuti chiwindi sichidandaula msanga. Chimatha kudzikonza chokha, choncho munthu amayenda bwinobwino zaka zambiri pamene mkati mukupangika zipsera. Zipserazi zikachuluka, chiwindi chimauma gwa, ndipo apa pobwerera pamavuta. Kumwa mapiritsi a Panado ambiri nthawi imodzi ndiye kumachiwononga m'masiku ochepa chabe.

Kuno ku Bulawayo nkhaniyi si yachilendo. Kuyambira 1963 mpaka 1977, pa chipatala cha Mpilo ankalemba m'kaundula odwala khansa, ndipo ya chiwindi inali pakati pa zofala kwambiri mwa amuna. Lero tikudziwa zoyambitsa zake zazikulu m'chigawo chathu chino: kachilombo ka hepatitis B, kamene ambiri amakatenga ali ana, ndi poizoni wa chuku cha mtedza kapena chimanga chosungidwa chisanaume. Onjezanipo kachasu. Katemera wa hepatitis B alipo. Ku Malawi analowa m'gulu la akatemera a ana mu 2002.

Ine ndikamaphunzitsa akuluakulu sindiyamba ndi chithunzi cha m'buku. Ndimabwera ndi chiwindi cha mbuzi kuchokera ku butchala, aliyense achigwire, aone kufewa kwake.

Ntchito: Funsani ophunzira anu mawu amene amatchulira chikasu cha maso m'Chichewa, m'Chindebele ndi m'Chishona. Alembeni pa bolodi, kenako kambiranani zimene anthu kwawo amachita mwana kapena wamkulu akayamba chikasu, ndi tsiku limene amapita naye kuchipatala.