KOMPYUTA SIDZIWA KUTI MVULA YAGWA

Mvula yoyamba ikagwa m'mwezi wa Novembala, mlimi wa ku Chiparamba, Feni kapena Kalichero amakhala ndi funso limodzi: kodi fataleza ndi mbeu zifika liti? Masiku ano yankho lake limacokera m'makompyuta a Boma, pakuti dzina la mlimi aliyense wolandira thandizo la FISP limasungidwa m'kaundula mmodzi wamkulu wochedwa ZIAMIS.

Kale kalaliki aliyense anali ndi buku lake. Wa ndalama anali ndi lake, wa ku nkhokwe ya katundu anali ndi lake, ndipo mlangizi wa zaulimi anali ndi lakenso la maina a alimi. Mabuku amenewa kawiri-kawiri sanali kugwirizana. Ndico cifukwa cake makampani akulu ndi maofesi a Boma m'maiko ambiri amagula mapulogalamu ochedwa ERP, amene amasonkhanitsa maina, ndalama, katundu ndi ngongole m'buku limodzi la pa kompyuta, kotero kuti cimene walemba kalaliki wa ku Chipata, mkulu wa ku Lusaka acione nthawi yomweyo. ZIAMIS, imene inayamba mu 2017, inapangidwa ndi colinga cofanana ndi cimeneci.

Mapulogalamu otere amadya ndalama zambiri, koma si onse amene amabala zipatso. Nkhani ya e-voucher ikusonyeza cifukwa cake.

Boma linayesa e-voucher m'maboma 13 m'nyengo ya ulimi ya 2015/2016, kenaka m'maboma 39 caka cotsatira. M'nyengo ya 2017/2018 njirayi inafika dziko lonse, kuphatikizapo Cigawo ca Kum'mawa. Mlimi anali kupereka K400, Boma ndi kuonjezerapo K1,700. Ndi khadi la ku banki, mlimi anali ndi ufulu wosankha yekha zimene afuna kwa wogulitsa zipangizo za ulimi, kaya ndi mbeu ya nshawa, ya soya kapena mankhwala a ziweto. Maina abodza ndi olembedwa kawiri anayamba kuonekera poyera.

Koma walira mvula walira matope. Alimi ambiri anapereka ndalama zao pa nthawi yake, koma makhadi anacedwa kutsegulidwa cifukwa ndalama za Boma zinacedwa kufika ku mabanki. M'madera akutali netiweki inali yosowa, ndipo makina a m'sitolo anali kulephera kuwerenga khadi. Ogulitsa ang'ono-ang'ono analibe mphamvu yodzaza masitolo ao, ndipo ena anadikira malipiro ao kwa nthawi yaitali. Nambala imodzi ya pa citupa ikalembedwa molakwa, kompyuta inali kumukana mwini wake ngakhale mfumu ndi mudzi wonse akumudziwa.

Cimanga sicidikira. Fataleza wofika cimanga citayamba kale ngaiyaye ndiye kuti ndalama zapita pacabe, ndipo nkhokwe ya banja imatha mwezi wa Januwale usanafike. Poona mabvuto amenewa, m'nyengo ya 2018/2019 Boma linabweza maboma ambiri ku njira yakale yotumiza matumba ku madepoti.

Colakwa sicinali m'makina okha. Kompyuta imasunga zimene yapatsidwa. Ikapatsidwa maina olakwa imabweza maina olakwa. Siingathe kulipira ndalama zimene sizinatulutsidwe, ndiponso sidziwa kuti mvula yagwa. Pulogalamu imayenda bwino ngati maina ayamba akonzedwa, anchito aphunzitsidwa mokwanira, ndalama zakonzedweratu, ndipo akulu-akulu a bungwe akuilondola okha tsiku ndi tsiku. Imagwa ngati yafalitsidwa mothamanga madera asanakonzeke.

Palinso nkhani ya kukhulupirika, ndipo citsanzo cake cili pafupi, kungodutsa pa cipata ca Mwami. Mu 2013 ku Lilongwe kunaululika kuba kochedwa Cashgate. Anchito ena a Boma la Malawi anali kulowa m'pulogalamu ya zacuma yochedwa IFMIS, kulemba malipiro a makampani amene sanagwire nchito iliyonse, ndipo ceke cikatuluka anali kufufuta zolembazo. Ofufuza mabuku a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama za Malawi zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Loko anali pacitseko, koma makiyi anali m'manja ambiri.

Kuno kwathu Boma linabwereranso ku e-voucher, koma pang'ono-pang'ono. M'nyengo ya 2024/2025 inagwira nchito m'maboma 74, ndipo Boma linalengeza kuti m'nyengo ya 2025/2026 ifike m'maboma onse 116. M'njira yatsopanoyi uthenga umafika pa foni ya mlimi mwini wake.

Pa cifukwa cimeneci mlimi nayenso ali ndi mbali yake. Ayenera kupita kwa mlangizi wa m'dera lake nyengo ya dzinja isanayandikire, kukaona ngati dzina, nambala ya citupa ndi nambala ya foni zinalembedwa bwino. Nambala ya foniyo ikhale yolembetsedwa m'dzina lake, ndipo nambala yacinsinsi asapatse munthu wina, ngakhale wapampando wa kopaletivu. Colakwa copezeka mu Ogasiti cimakonzeka mosabvuta, koma copezeka mu Disembala cimaonongetsa munda wa caka conse.