Momwe achinyamata angayambire kulemba mapulogalamu a kompyuta

Mlimi wa ku Chinguluwe m'boma la Salima akagulitsa thonje n'kulandira ndalama kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, amakhala akugwiritsa ntchito pulogalamu imene munthu anachita kulemba. Pulogalamu ndi mndandanda wa malangizo amene kompyuta kapena foni imatsatira. Mwana angathe kuyamba luso limeneli ngakhale pakhomo palibe kompyuta.

Poyambira ndi pa kope ndi pensulo. Mwachitsanzo, mwana alembe ndondomeko yowerengera ndalama za thonje motere: yeza thumba pa sikelo, chotsera kulemera kwa thumba lopanda kanthu, chulukitsa makilogalamu otsalawo ndi mtengo wa kilogalamu imodzi, kenako lemba yankho. Mnzake atsatire zolembedwazo ndendende, osawonjezerapo nzeru zake. Yankho likalakwika, ndiye kuti pali langizo limene ladumphidwa kapena laikidwa posayenera. Kompyuta nayonso imangochita zimene yauzidwa basi. N'chifukwa chake kufufuza cholakwika ndi kuchikonza ndi mbali yaikulu ya ntchitoyi.

Akapeza mwayi wa kompyuta, kusukulu kapena kwa m'bale, ayambe ndi Scratch. Pulogalamu yaulereyi inatulutsidwa mu 2007 ndi sukulu yaukachenjede ya MIT ku America. Mwana amalumikiza timabokosi ta malangizo n'kupanga kasewero kapena kankhani, ndipo ikaikidwa m'kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti. Akazolowera, apite ku Python, chinenero cha kompyuta chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991. Apa malangizo amalembedwa m'mawu ochepa a Chingerezi, ndipo n'zotheka kuyeserera ngakhale pa foni ya Android.

Wofuna kupita patsogolo alimbikire masamu ndi Chingerezi, komanso asankhe phunziro la Computer Studies ngati kusekondale kwake likuphunzitsidwa, poti limalembedwa pa mayeso a MSCE. Maphunziro apamwamba a kompyuta amapezeka ku University of Malawi ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, MUST ku Thyolo ndi Mzuzu University.

Makolo azipatsa ana, aakazi ndi aamuna omwe, mpata woyeserera akaweruka kusukulu. Komanso musalipire aliyense wolonjeza satifiketi kudzera pa WhatsApp musanatsimikize kuti sukulu yakeyo inalembetsedwa ku TEVETA kapena ku NCHE.