Dzino likasiya kupweteka silinapole

Mtsikana wina wa chaka chachiwiri ku koleji anafika kuchipatala kwathu tsaya litatupa mpaka diso kutsinzinika. Nditamufunsa kuti vutoli linayamba liti, anati, "Adokotala, dzinoli linkapweteka chaka chatha, koma nditamwa Panado ndi amoxicillin linapola." Mawu akuti "linapola" amenewa amandiwawa mtima, ndipo ndawamva kwa ophunzira ambirimbiri.

Dzino lobooka silipola lokha. Kunja kwake kuli chikuto cholimba chomwe timachitcha enamel. Chikutochi chilibe mitsempha, n'chifukwa chake chikayamba kudyeka simumva kanthu. Pansi pake pali dentine, gawo lofewerapo, ndipo bowo likafika pamenepa dzino limalasa mukamwa madzi ozizira kapena tiyi wotentha. M'katikati muli pulp, kutanthauza mtsempha wa dzino pamodzi ndi timitsempha ta magazi. Tizilombo tikafika apa ndi pamene munthu amachezera usiku wonse atagwira tsaya. Kenako mtsemphawo umafa, ululu n'kuzilala. Mwini dzino amayamba kusangalala, pamene tizilombo tikutsikira kumuzu kukapanga mafinya m'fupa la nsagwada. Mafinya amenewa amatha kufalikira m'khosi n'kutseka njira ya mpweya. Anthu amafa nazo zimenezi.

Nanga amoxicillin uja? M'dzino lakufa simuyendanso magazi oti n'kufikitsamo mankhwala. Makapisozi ogula kwa mavenda amangophwetsa chotupa kwa kanthawi, gwero la matenda lili chikhalire, tizilombo n'kumazolowera mankhwalawo.

Ophunzira mano awo amawonongeka kwambiri nthawi ya mayeso. Munthu akuwerenga mpaka tambala woyamba, pambali pali tiyi wa shuga wambiri, Sobo, mabisiketi kapena chakumwa chothamangitsa tulo. Shuga akangolowa m'kamwa, tizilombo timapanga asidi amene amadya enamel kwa mphindi pafupifupi 30, ndipo malovu amafuna nthawi kuti akonze zowonongekazo. Botolo la Fanta lomwa pang'onopang'ono usiku wonse limawononga kuposa lomwa kamodzi pa chakudya. Munthu akagona malovu amachepanso, ndiye wogona osatsuka m'kamwa wawasiya mano ake opanda chitetezo.

Sindikuwada achinyamatawa ayi. Madokotala a mano m'dziko muno ndife ochepa, ndipo maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili m'gulu la Kamuzu University of Health Sciences. M'zipatala zambiri chithandizo chopezeka msanga ndi kuzula, choncho wophunzira amaopa kubwera poganiza kuti abwerera ndi gweru. Ine ndimaona kuti koleji iliyonse inayenera kumaitana wa zamano kudzayeza ophunzira chaka chikamayamba, bowo lidakali loti n'kumatidwa.

Pakadali pano, tsukani mano kawiri patsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, makamaka pogona, ndipo mukalavula musachukuche ndi madzi. Dzino likayamba kulasa ndi zozizira, pitani likaonedwe. Lomwe mtsempha unafa kale nthawi zina limapulumuka ndi root canal, ndiko kuyeretsa m'kati mwa muzu n'kumatamo, ngakhale imadula ndipo siipezeka paliponse. Koma tsaya likatupa, thupi n'kutentha, kapena kumeza kukayamba kuvuta, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, mayeso alipo kapena palibe.